Tayala Limene Linakana Kuzungulira

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, moni m'dzina la Ambuye. Mundikhululukire, sindinazolowere kuima kutsogolo. Ndikufuna kuchitira umboni.

Ambiri mukudziwa kuti ndikuphunzira umakaniko kwa amalume pa Tsangano. Lachiwiri amalume atapita kumaliro, kunabwera kaminibasi konyamula anthu opita ku Boma. Ndinasintha mabuleki akumbuyo ndekha, koyamba. Kuti mafuta a mabuleki asatayike, ndinapana paipi yalabala ndi pulayala, mwamphamvu ndithu. Nditamaliza ndinachotsa pulayala, galimoto n'kumapita.

M'mawa mwake inabwerera, tayala limodzi lakumbuyo likununkha, kutentha kosagwirika. Akangoponda buleki, tayalalo linkagwira osasiyanso. Mwini galimoto anakalipira dalaivala wake, bambo Jere: "Mumayenda handibuleki ili m'mwamba inu! Bweretsani makiyi, ntchito yatha."

Bambo Jere anangoti, "Bwana, zaka zonsezi?" Abale, bambowa ali ndi ana anayi.

Amalume anamasula waya wa handibuleki, tayala osazungulira. Anagogoda ndi hamala, osatheka. Mwini galimoto akuti, "Mwaona, aotcha zonse!" Za pulayala ija ndinkazikumbukira, koma pakamwa panauma. Ndinkaopa, abale, ndinkaopa kuti amalume andibweza kumudzi kukalima mbatata. Ndinazembera kuseri kwa galaja n'kunena kuti, "Ambuye, nditseguleni pakamwa."

Nditabwerera ndinanjuta pafupi ndi amalume. Ndinati, "Amalume, dzulo ndinapana paipi ija ndi pulayala."

 Amalume anatenga sipanala n'kumasula kanati kotulutsira mpweya m'mabuleki. Mafuta anatuluka mwamphamvu, tayala n'kuzungulira ndi dzanja limodzi. Dzanja limodzi, amayi! Paipi ija inali itaphwanyika mkati: mafuta ankapita kutayala koma osabwerera.

Amalume anati, "Iwe, ndakhala ndikuthyoka msana pansipa, yankho walisunga m'masaya?" Anthu anaseka. Sanandithamangitse. Anabweretsa paipi yatsopano n'kuti, "Ika wekha, ine ndikuyang'ana."

Mwini galimoto anabweza makiyi, n'kupepesa pamaso pa anthu.

Bambo Jere si ampingo wathu, koma ndi awo akhala kumbuyoko. Atamva kuti ndiyankhula lero, abwera kudzanditenga okha, andikhazika mpando wakutsogolo m'minibasi muja.

Zikomo Ambuye ponditsegula pakamwa. Abale, kondwerani nane. Amayi, kanthungululu kamveke mpaka kumbuyoko, bambo Jere amve!