Mgwalangwa Wamphongo wa pa Rivirivi

Olemekezeka Bwana Disi, olemekezeka mafumu a kuno ku Rivirivi ndi a ku Kalembo, Abambo a ku mishoni, a Shehe, mlangizi wathu a Sabiti, amayi ndi abambo, ndakulonjerani nonse.

Ine Jasten Kachingwe ndinasiya uphunzitsi kalekale, mano anatsala owerengeka, ndiye mutandiitana kudzatsegula nazale ya migwalangwa ndinkayesa mwasowa munthu. Komabe ndabwera, pakuti mitengo imeneyi ndimayenda nayo ngakhale kutulo.

A Sabiti andionetsa zimene anapeza atang'amba matsinde awiri, la mgwalangwa wamphongo ndi la waukazi. Akuti laukazi mkati mwake ndi lofewa, lili ndi ufa ndi madzi otsekemera, pamene lamphongo ndi louma, ulusi wokhawokha. Atchulanso mayina ena a chizungu, ine ndangogwedeza mutu ngati ndamva. Maganizo anga anali atapita kale ku chaka cha njala, 1949.

Chaka chimenecho tinkadya mtima wa mgwalangwa, uja woyera wa kunsonga, ndipo mukudziwa kuti ukauchotsa mtengo umafa. Tinagwirizana kuti yaikazi isiyidwe poti imatipatsa zipatso, yamphongo ndiyo igwe. Wosabala adyedwe, tinkatero. Nkhwangwa zinalira m'mbali mwa mtsinje wonsewu, mpaka wamphongo unatsala umodzi, kuseri kwa nyumba yanga.

Ambiri mukuwakumbukira akazi anga, a Lukiya. Tinakhala limodzi zaka zambiri popanda mwana, ndipo zonong'ona za kuchitsime tinkazimva, kungoti tinkazimeza. Tsiku limene amuna anabwera ndi nkhwangwa anawapeza a Lukiya atakhala pansi, atatsamira tsinde la wamphongo uja, manja atatha ngati timitengo. Amuna aja anachonderera kuti ana awo akulira, ndipo sankanama. A Lukiya anawapatsa gaga yense amene anatsala m'nyumba, nati:

"Iyayi, uwu wokha ayi. Ngati mlandu wake ndi kusabala, yambani ndi ife awiri."

Amuna aja ananyamula nkhwangwa zawo nabwerera. A Lukiya sanadye zamasika a chaka chotsatira. Ndimawasowa, ndinene poyera, ndimawasowa tsiku lililonse.

Mvula itabwerera, migwalangwa yaikazi ya kutali inachita maluwa, maluwawo nayoyoka opanda kanthu. Koma ija yoyandikana ndi nyumba yanga inalemedwa ndi zipatso. A Sabiti akuti ndi mungu, kaufa kachikasu kamene kamachoka kwa wamphongo kupita kwa yaikazi. Ine ndimakaona kutulo, kakuyenda pang'onopang'ono pamwamba pa Rivirivi m'dzuwa la m'mawa, a Lukiya akukatsata pambuyo, mtsuko uli pamutu, osafulumira.

Olemekezeka nonse, mbewu zimene zakwiriridwa m'nazale muno a Sabiti anazitola pansi pa yaikazi ija yoyandikana ndi nyumba yanga. Palibe wa ife akudziwa kuti iti idzakhala yamphongo, iti yaikazi, chifukwa mgwalangwa umaulula zimenezi utakula, ambirife tili m'manda. Tsono inu amene mudzakhalepo, mukadzaona wina waima wopanda chipatso, musadzafulumire kunola nkhwangwa.

Ndikuona a Chande apo akupukuta m'maso. Musadandaule achimwene, tonse tinali ndi njala, ndipo nkhwangwa yanu munabwerera nayo youma.

Ndithokoze onse amene mwasenza madzi ndi kumanga mpanda. M'mawa uno ndinayenda m'mizere yonse ndikuyang'ana timasamba tatuluka m'dothi, ndipo ndinalephera kutiwerenga. Anthu ankati kwa Kachingwe kulibe mwana.

A Lukiya, ana athu ndi awa.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti nazale ya migwalangwa ya pa Rivirivi yatsegulidwa.

Zikomo kwambiri.