Pakamwa Pobwereka

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse, abale ndi alongo. Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, landirani moni wanga. Nanunso ana kumbuyoko, amene mumamva Chichewa koma n'kumayankha m'Chishona, maswera sei? Eya, sekani. Mwadabwa kumva Nambewe akupereka moni wa kuno. Umboni wanga wagona pomwepo.

Amene simundidziwa, ine ndine Nambewe, mkazi wa a Phiri a ku Unit C, kuno ku Chitungwiza. Kwathu ndi ku Ntcheu. Sindinabadwire kuno ngati ambiri a inu. Ndinabwera ndili wamkulu kale, imvi zitayamba kusuzumira pansi pa duku.

A Phiri ndiwo anabadwira kuno. Bambo awo anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafamu, mayi awo anali Mshona wa ku Murewa. Mkazi wawo woyamba atamwalira, a Phiri anapita ku Ntcheu kukaona kumene bambo awo anachokera. N'komwe anandipeza, inenso ndili wamasiye. Anandifunsira m'Chichewa chopindikapindika, ine n'kumaseka. Kuseka kumeneko ndi kumene kunandifikitsa ku Chitungwiza.

Tsiku limene ndinalowa m'nyumba mwawo anandiuza mawu amene sindidzaiwala. Anati, "Nambewe, Chishona chisiyeni. Ndakutengani kuti m'nyumba muno muzimveka chilankhulo cha bambo anga. Kunjaku, pakamwa panu ndine."

Abale, ndinakondwa. Ndi mkazi uti amene sangakondwe? Kumsika ku Huruyadzo ankalankhula ndiwo, ine n'kumangoloza tomato. M'kombi, minibasi za kunozi, ankalankhula ndiwo. Kuchipatala ankalankhula ndiwo. Kutchalitchi kuno timapemphera m'Chichewa, ndiye ndinkati chasowa n'chiyani? Chishona changa chinali cha moni basi. Munthu akapitiriza kupyola pa moni, ndinkangomwetulira ngati wojambulidwa. Zaka zinapita chomwecho. Unali mpanda wa chikondi, inde, komabe unali mpanda.

Kenaka tsiku lina m'mawa, akumanga zingwe za nsapato, a Phiri anagwa. Sitiroko. Dzanja lamanja linafa, mwendo wamanja unafa, pakamwa panapotoka. Atatuluka m'chipatala ndinati bola ali moyo, zinazo tiona. Ndinawagoneka bwino, ndinagwada pambali pawo, ndinati, "Abambo, mwafika kwanu. Mukumva bwanji?"

Anandiyang'ana. Anatsegula pakamwa. Chimene chinatuluka ndi Chishona.

Abale ndi alongo, Chichewa chinawathawa a Phiri. Chonse. Chizungu chinathawanso. Chinatsala ndi chilankhulo chimene anayamwa kwa mayi awo, nachonso chikutuluka mokoka, chophwanyikaphwanyika. Ndikawalankhula Chichewa ankangogwedeza mutu pa chilichonse. Mukufuna phala? Kugwedeza. Simukufuna phala? Kugwedeza. Munthu amene anati pakamwa panu ndine, pakamwa pake panatsekeka, panga pomwe n'kutsekekera limodzi.

Tinatsala awiri m'nyumba, aliyense m'ndende yake. Ndinatseka makatani kuti odutsa asamaone bambo wolemekezeka akutuluka dovu. Iwo ankalankhula tsiku lonse, kubwereza zomwezomwezo. Ndikabweretsa madzi, ayi. Ndikabweretsa bulangete, ayi. Ndikawatembenuza, ayi. Mapeto ake ankamenya bedi ndi dzanja lamoyo lija, misozi ili mbwembwembwe. Ine ndinkathawira kukhitchini kukalira kwanga. Amayi a mumpingo muno munabwera, Mulungu akudalitseni. Koma inunso, odziwa Chishona, munkatola liwu limodzi, ena onse n'kukudutsani.

Mmodzi yekha ndi amene ankati akumva zonse. Ameneyo ndi mlongo wawo wa a Phiri, amene kuno timati atete. Inu obadwira kuno mukudziwa kuti atete akalankhula m'banja, nkhani yatha. Ankabwera kuchokera ku Murewa, n'kukhala pafupi ndi mlongo wawo, n'kumvetsera. Akatero ankatembenukira kwa ine ndi Chichewa chawo cha apo ndi apo. Ankati a Phiri akudandaula kuti sakusamalika. Ankati a Phiri akufuna kupita kumudzi kwa mayi awo. Ndikanatsutsa ndi chiyani? Makutu ndinali nawo, koma anali ongokongoletsa mutu.

Tsiku lina atete ananena poyera. "Muroora," kutanthauza kuti mkazi wokwatiwa m'banja mwathu, "mvula ikatha tibwera ndi galimoto kudzamutenga. Inu mubwerere kwanu. Munthu amene simukumumva mungamusamale bwanji?"

Mawu amenewo anandilasa chifukwa anali oona. Ndinali mlendo, ndipo paja amati mlendo ndi mame. Kubwerera ku Ntcheu n'kusiya mwamuna wanga, sindikanatha. Kukhala, sindikanatha. Kutuluka panja, ndikalankhule ndi yani? Kutsogolo khoma, kumbuyo khoma. Ndinapemphera, abale. Ndinasala kudya. Pemphero langa linali limodzi: Ambuye, bwezerani Chichewa m'kamwa mwa mwamuna wanga. M'mawa, bwezerani Chichewa. Masana, bwezerani Chichewa. Kumwamba kunali zii.

Mukudziwa mmene madzi amativutira kuno. Kale a Phiri ndiwo ankapita ndi wilibala ku chibhorani, chimene kwathu timati mjigo. Tsopano ndinayamba kupita ndekha. Tsiku lina ndili pamzere, amayi ena anandifunsa kanthu. Sindinamve. Anabwereza mokweza, ngati kukweza mawu kumamasulira. Anthu anaseka. Ine ndinangokhala pa chidebe changa n'kuyamba kulira ngati mwana, pamaso pa Unit C yense.

Amene anandidzutsa ndi Mai Tafadzwa, a nyumba yoyandikana nafe. Zaka zonsezo tinkangopatsana moni pampanda. Sindinkadziwa kuti anakulira pafamu pakati pa anthu a kwathu, ndipo Chichewa amachigwiragwira. Ndinawauza zonse. Ndinawapempha kuti azibwera kudzandimasulira.

Anakana. Anati, "Munali ndi pakamwa pobwereka, mwaona pamene pakufikitsani. Mukufunanso pena? Bambo aja angawamve ndi munthu wokhala nawo tsiku lonse, ndipo munthuyo ndinu. Chimene mulibe ndi mawu chabe. Mawu ndikupatsani."

Ndinakwiya, ndisaname. Mumtima ndinati mayi uyu ngouma mtima, gogo ngati ine ndiyambe sukulu? Koma mawa lake anabwera ndi lichero la masamba oti tifutse. Anakhala pakhonde. Chilichonse chimene ndagwira, ankachitchula m'Chishona, ine n'kubwereza. Mpeni, mchere, chitseko, mwendo, kupweteka, kuzizidwa. Ndikalankhula Chichewa ankayang'ana kumwamba ngati sanamve. Ankandituma ku Huruyadzo ndekha, iwo n'kutsala ndi wodwala. Amayi ogulitsa kumeneko anandiseka mpaka kugwira nthiti. Koma akatha kuseka ankandikonza, mawa n'kundiitana ndili patali. Lilime linkalemera ngati lanyowa ndi mvula, komabe ndinayamba kuona kuti mawu ambiri ndi apachibale ndi athu, amangosiyana zovala.

Ndikabwerera m'nyumba ndinkakhala pafupi ndi a Phiri, osathamangiranso madzi kapena bulangete. Kungokhala, kumvetsera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinaphunzira kuti liwu ili amalidya kumapeto, ili amalikoka pakati.

Ndiye masana ena, akubwereza zija ankabwereza miyezi yonse, makutu anga anangotseguka. "Ndibudisei panze. Ndoda zuva." Nditulutseni panja, ndikufuna dzuwa.

Abale anga! Miyezi yonse ija munthu ankapempha dzuwa. Dzuwa laulere, la Mulungu. Ine n'kumamutsekera makatani poganiza kuti ndikumusungira ulemu. Ndinakokera mpando pakhomo, ndinawanyamula ndi Mai Tafadzwa, tinawakhazika. Anatseka maso, nkhope ili kumwamba. Tsiku limenelo bedi silinamenyedwe.

Mvula inatha. Galimoto inabwera monga ananenera. Munali atete ndi a sekuru, mkulu wa banja la kwa mayi awo a Phiri. Anakhala pabalaza, ine pansi pafupi ndi chitseko. Atete anafotokoza m'Chishona kuti mlongo wawo akufuna kupita kumudzi, ndipo mkaziyu samva kanthu. Sankadziwa kuti ndikumva. Ndinayenda chogwada mpaka pakati, ndinaomba m'manja monga amachitira amayi a kuno, ndinapempha a sekuru m'Chishona changa chothyokathyoka kuti ndimufunse mwini wake ndekha.

A sekuru anavomera.

Ndinagwira dzanja la a Phiri. Ndinati, "Baba, muri kuda kuenda kumusha natete here?" Mukufuna kupita kumudzi ndi atete?

Aka kanali koyamba chidwalire chawo kuti mkazi wawo awafunse funso m'mawu amene akumva. Sanagwedeze mutu. Anandiyang'anitsitsa, analimbana nalo lilime, n'kunena pang'onopang'ono, "Kwete. Ndinogara pano. Nemudzimai wangu." Ayi. Ndikhala pano, ndi mkazi wanga.

Ndinabwereza mawuwo mokweza kuti onse amve. A sekuru anasendera pafupi, anafunsanso okha, yankho linali lomwelo. Atete anaphimba nkhope ndi nsalu n'kulira. Musawaweruze, abale. Ankaona mlongo wawo akulira tsiku ndi tsiku, nawonso sankamva zonse, ndiye pamene sanamve ankaikapo mantha awo. Galimoto inabwerera yopanda wodwala. Lero atete akabwera timaphika limodzi, ndipo amandiseka katchulidwe mpaka kutsamwa.

Ine ndinkapempha Mulungu kuti asinthe pakamwa pa mwamuna wanga. Iye anasintha makutu anga. Alemekezeke! Ndinenenso, alemekezeke!

Inu achinyamata amene mukukonzekera ulendo, kaya wa ku Joni, kaya wa ku Malaysia kumene ndamva kuti ena akupita kukaphunzira, ndimvereni. Mudzauzidwa kuti Chizungu n'chokwanira. Mudzapeza a kwanu, mudzapanga kampanda kanu, mudzati chasowa n'chiyani? Inenso ndinkatero. Chanu musataye, koma cha eni dziko muphunzire mukadali pamtendere. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tsiku la tsoka silidikira womasulira.

Moyo wathu lero ndi wamba. A Phiri sayenda okha. Dzanja silinadzuke. Chichewa sichinabwerere, ndipo mwina sichidzabwerera. Kuchipatala tsopano wolankhula ndine, iwo n'kumangoloza. M'kombi wolankhula ndine. Koma sindinaiwale chimene ananditengera ku Ntcheu. Tikakhala padzuwa masana ndimawagwiritsa chinthu, n'kuchitchula m'chilankhulo cha bambo awo, monga Mai Tafadzwa ankachitira ndi ine. Mawu ena amagwira, ambiri amatayika. Sitithamanga.

Zikomo abusa pondipatsa mpata. Zikomo amayi amene munabwera pamene m'nyumba munali mdima. Mai Tafadzwa si a mpingo uno, koma lero abwera, ali apo, maita basa, ndiko kuti zikomo kwambiri. Ndipo amene mukufuna kupereka moni kwa a Phiri potuluka, simuwapeza muno. Ali pakhomo paja, pampando wawo, padzuwa. Ananena okha m'mawa kuti ndiwakhazike pamenepo, ndipo ine ndinamva.

Ambuye akudalitseni nonse. Ameni.