Amayi Anandipemphera Tchuthi kwa Ine Ndemwe

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ambiri a inu mumandidziwa kuti ndine Esinati, mwana wa malemu a Nabanda a kuseri kwa msika kuno ku Nambuma. Koma kwa zaka zambiri dzina limenelo panalibe wolitchula. Ndinali Madamu. Ndinali mkulu wa kampani yogulitsa mbewu ndi feteleza, ndipo pamwamba panga panali bodi yokha, akuluakulu amene ndinkakumana nawo mwa apo ndi apo.

Mpando umenewo sindinautole panjira. Ndinayamba ngati kalaliki pa depoti ina, dziko litangolowa kumene m'zipani zambiri. Ndinkafika woyamba, n'kuweruka womaliza. Anandikweza kuyang'anira malonda m'chigawo chapakati, kenako m'dziko lonse, kenako anandipatsa ofesi yaikulu ija. Abambo ena ankati mkazi sangathe. Ine ndinalumbira mumtima kuti sadzandiona nditatopa.

Ndipo sanandionedi. Kutopa ndinkakubisa ndi paudala. Mutu ukamawawa ndinkameza mapiritsi n'kulowa mumsonkhano wina. Tchuthi cha antchito anga ndinkavomereza ndine, koma changa sindinkatenga. Ndinkati ndikachokapo kampani igwa.

Mowa sindinkamwa. Kuba sindinabe. Choncho ndinkadziona ngati munthu wabwinobwino. Kutchalitchi ndinkapita akandiitana ngati mlendo wolemekezeka, foni ili m'manja, ulaliki uli mkati ine ndikuyankha za malole a feteleza. Mulungu wanga weniweni anali ntchito, ndipo mulungu ameneyo sanena kuti zakwana.

Kumudzi kuno ndinkatuma. Pa kutuma pokha, abale, ndinali katswiri. Mwezi ukatha dalaivala wanga, a Mbewe, ankanyamula shuga, sopo, mafuta ndi mankhwala kubweretsera amayi. Maliro akagwa ndinkatuma a Mbewe. Ukwati, a Mbewe. Ana ena pamudzi ankaganiza kuti a Mbewe ndi malume awo.

Tsiku lina mng'ono wanga Agnesi, amene ankasamala amayi, anandiimbira foni. Anati, "Achemwali, amayi ayamba kuiwala. Dzulo amafunsa kuti abambo abwera liti kumunda, chonsecho tinawaika kalekale. Bwerani mudzawaone akadakudziwani."

Ndinati ndibwera ikatha nyengo yogulitsa feteleza. Itatha, panabwera china. Nthawi zonse pankabwera china.

Mmene ndinkafika kunali kungodutsa, ndikuchokera koyendera depoti ya ku Nsaru. Ndinatsika galimoto ndili mu suti, wigi kumutu, magalasi kumaso, gogoda kumapazi. Amayi anali pamkeka pakhonde, ataonda moti ndinachita mantha. Ataona a Mbewe nkhope yawo inawala. Ataona ine anakonza chitenje, n'kuyesa kugwada.

"Kodi alendowa ndani, a Mbewe?"

"Ndi Madamu, agogo."

"Oo, abwana! Agnesi, thamanga utenge mpando."

Agnesi anati, "Amayi, awatu ndi achemwali, Esinati." Amayi anangoseka. Anati Esinati wawo ali ku ntchito.

Anandikhazika pampando, iwo ali pansi. Kenako anaomba m'manja mwaulemu, n'kuyankhula motsitsa mawu. "Abwana, pepani, ndipempheko. Mwana wanga Esinati amagwira ntchito kwanuko. Ndi wolimbikira, eti? Koma mukumugwiritsa ntchito kwambiri. Mumupatseko tchuthi, ngakhale chochepa, ndidzamuone ndisanafe."

Mukudziwa chimene ndinayankha? Pakamwa panatuluka mawu amene ndinkayankha aliyense wobwera ndi pempho mu ofesi. Ndinati, "Tiona, mayi." Amayi anathokoza.

Tinanyamuka. Sitinapite patali. Pafupi ndi chigafa china cha fodya ndinauza a Mbewe kuti aime. Ndinatsika, n'kukhala pansi pafumbi ndi suti yanga yomweyo. Dzuwa linali likuswa mtengo. Ndinalira mmene sindinalirirepo chikulireni.

Chimene chinandiswa mtima n'chakuti amayi sanalakwitse. Bwana wankhanza amene ankamana Esinati tchuthi analipodi, ndipo anali ineyo. Ndinalibe wina wokadandaulira. Pamenepo ndinakumbukira zimene amayi ankandiphunzitsa ndili mwana, zakuti Yesu amaitana anthu otopa kuti awapumitse. Pemphero langa silinali lokongola. Ndinangoti, "Ambuye, ndatopa. Khalani bwana wanga ndinu. Ndipatseni tchuthi."

Mphezi sinang'anime, mawu sindinamve. Koma mapewa anga anatsika. Ndinadziwa kuti ndamvedwa.

Nditafika ku tauni ndinauza wapampando wa bodi kuti ndikupita kwathu kukadwazika amayi, ndipo sindikudziwa kuti ndibwerako liti. Inali nthawi yovuta, eni kampani akubwera kuchokera kunja. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati, "Madamu, mukachoka panopa, mpandowu sukudikirani." Sunandidikiredi. Kampaniyo sinagwenso, ikugulitsabe feteleza mpaka lero.

Musaganize kuti nditafika kuno zonse zinangoyera. Amayi anapitiriza kunditchula abwana. Ndikatenga beseni kuti ndiwasambitse ankakana, amvekere, "Abwana sasambitsa munthu." Ndikawapatsa phala ankalandira ndi manja awiri ngati kwa mlendo. Ndinavula wigi, ndinamanga duku ndi chitenje. Apo anayamba kuganiza kuti ndine wantchito amene Esinati watumiza. Masiku ena ankandifunsa, "Kodi mwana wanga sanatumize mawu?"

Zinandiwawa. Ndinataya mpando kuti amayi andione, koma amayiwo ankandiyang'ana n'kumadikirabe wina. Ndinkakwiya, ndinkakalipira Agnesi popanda chifukwa. Munthu wozolowera kuti akalamula zichitike, ndinapeza chinthu chosamva lamulo. Panali tsiku limene ndinalongedza chikwama kuti ndibwerere.

Amene anandigwira ndi inu, amayi a mpingo uno. Munkabwera mkati mwa sabata kudzaimba ndi kupemphera ndi odwala. Simunandipatse mpando wapatsogolo. Munangosuntha pamkeka kuti nane ndikwane. Pamenepo ndinaphunzira pemphero lina. Ndinati, "Ambuye, kaya andidziwa, kaya sandidziwa, ndikhala. Inu mukundidziwa."

Masana ena, titakolola mtedza, ndinali pakhonde kuswa mtedzawo pafupi ndi amayi. Kunkatentha. Tulo tinandiba ndili chikhalire, mutu nditatsamira khoma. Ine amene kwa zaka zonsezo sindinagonepo masana, ndinagona ngati mwana.

Ndinadzidzimuka ndi dzanja likundisisita pachipumi. Anali amayi, atakwawa kufika pamene ndinali. Ankandiyang'ana akuseka.

"Iwe Esinati, sunasiyebe kugona kukamwa kuli yasa? Ntchentche zilowamotu."

Ndinangogwira dzanja lija.

"Wabwera liti? Abwana aja akulola?"

"Andilola, amayi."

"Akupatsa masiku angati?"

"Akuti ndikhale mpaka mutatopa nane."

Amayi anagwedeza mutu. "Mulungu awadalitse. Ndinawapempha ndine."

Tsiku limenelo analola kuti ndiwasambitse. Mawa lake anali atandiiwalanso. Zinkatero, lero andidziwa, mawa ayi, mpaka pamene Ambuye anawatenga mvula itayamba. Koma ankati akandidziwa, ankanena chinthu chimodzi chomwecho, chakuti amene anandipemphera tchuthi ndi iwo. Ndipo ankanena zoona.

Lero ndilibe ofesi. Foni yanga imatha tsiku osalira. Mawondo amawawa, ndipo masiku ena ndimakhalabe wotopa, sindingakunamizeni. Zaka zimene amayi anandidikira ali ndi nzeru zawo zonse sizidzabwerera, ndipo zimenezo zimandipweteka. Koma ndikuyamika Mulungu. Akanatha kundisiya mpaka ndidzabwere kudzaona bokosi. Anandichitira chifundo, anandiyankhula kudzera mwa mayi wokalamba amene sankadziwa n'komwe kuti akuyankhula ndi ndani. Dzina lake lilemekezeke.

Ntchito si yoipa, abale. Gwirani, limani, gulitsani. Koma mwina muno muli wina amene bwana wake ndi iye mwini, kaya ndi mu ofesi, kaya ndi pa esiteti, kaya ndi pa okala. Mumauza mtima wanu kuti tiona, mumauza ana anu kuti tiona, mumauza Mulungu kuti tiona. Ine mawu amenewo ndinauza mayi wondibala atandigwadira.

Ngati mwatopa, musadikire kuti ithe nyengo ino, chifukwa ikatha ibwera ina. Bwerani kwa Yesu lero lomwe. Pamkeka pano malo alipo, tisuntha kuti mukwane. Amen.