Mudzi Wathu Anaupaka Zofiira

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine mphunzitsi, kwathu ndi ku Ntcheu koma ntchito inandiponya kuno ku Makanjira, m'mphepete mwa nyanja. Ndikufuna ndikuuzeni momwe mwana wanga Tamanda anapulumukira, matenda a uchembere atamuyamba mwezi usanakwane, mlatho wa kwathu kuno utakokoloka.

Chilimwe chathachi kunabwera azaumoyo panjinga yamoto. Ankayenda msewu uliwonse, foni ili m'manja, kuyeza nthawi imene ambulansi ingatenge kuti ifike pamudzi uliwonse, n'kumafunsanso kuti dzinja njira zimakhala bwanji. Atabweranso ndi mapu awo, mudzi wathu anali ataupaka zofiira, kutanthauza kuti mvula ikagwa galimoto singatipeze msanga. Ine pakamwa sipachedwa. Ndinati, "Mafuta onsewa mwawotchera kudzatiuza zimene ngakhale mbuzi zathu zikudziwa?" Iwo anangoseka.

Ndiye Lachisanu lina dzinja lino, dzuwa lili pamutu, Tamanda anayamba kutaya magazi. Abale, ndinachita mantha. Mtsinje unali utadzaza, ngakhale a kabaza sankawoloka. Ndinagwada pambali pa mphasa yake, mawu onse a pemphero n'kundithawa. Ndinangoti, "Ambuye, mwanatu ndili naye ndi yekhayu."

Nditaimbira anamwino, anandiyankha modekha kuti, "Amayi, musadikire galimoto. Midzi yofiira ija tinaikonzera njira ya panyanja. Thamangirani kwa Che Saidi, ambulansi mukaipeza kutsidya."

Che Saidi ndi msodzi, neba wathu, mwini boti la injini. Ndinawapeza atavala kale mkanjo, akupita kumzikiti. Sanafunse zambiri. Anapinda mkanjo uja, tinanyamulira Tamanda m'boti, iwo anati "Bismillah," n'kukoka chingwe cha injini. Panyanja iwo ankapemphera mwa kwawo, ine mwa kwathu, mutu wa Tamanda uli pamiyendo panga. Tisanakocheze n'komwe ndinaona ambulansi ili pamchenga, chitseko chili chotsegula kale. Apo mpamene ndinalira.

Lero Tamanda ali bwino, ndipo kamdzukulu kanga kakundisowetsa tulo, koma simudzandimva ndikudandaula. Ndikuthokoza Mulungu, anamwino aja, ndi Che Saidi amene Lachisanu limenelo anapempherera m'boti.

Inu amene mukuona ngati kumwamba kuli zii, musataye mtima. Mlatho uja sanaukonzebe, mudzi wathu udakali wofiira pamapu. Koma yankho la pemphero langa linadutsa pakhomo panga chilimwe, ndisanagwade n'komwe, litakwera njinga yamoto, ine n'kulilalatira. Alemekezeke Mulungu.