Nyama za Diso Limodzi

A Amock, omwe kale ankalondela nyama ku nkhalango ya Lukusuzi, anatha sabata akutsegula m'mimba, koma madzi owilitsa ankawakana kuti sakoma. Mwana wao Linah, woyeza madzi ku boma la Lundazi, anafika ndi makina oonela tinthu tating'ono, nadontheza pagalasi madzi a m'damu lomwe iwo amamwa.

"Adada, m'kapu yanuyi muli nyama."

"Iwe! Nyama? Mapazi ake ali kuti?"

"Sizisiya mapazi. Zimasambila."

"Ndiye nsomba."

"Ayi, zili ndi miyendo. Ndi tinyanga tiwili."

A Amock anasuzumila m'kapu, naigwedeza. "Nyanga! M'kapu! Njati imeneyo yalowela pati?"

"Pakamwa pa chigubu, adada."

"Aa-aa! Ukundiyankha?"

"Mwafunsa."

"Chabwino. Maso angati?"

"Limodzi."

"Linalo anaboola ndani?"

"Palibe. Zimabadwa choncho."

"Boza!" anatelo akudzimenya pachifuwa. "Ine ndakalambila m'thengo. Nyama ya diso limodzi sindinaionepo!"

"Simungaione, adada. Mumaimeza."

A Amock anatula kapu pansi mwakachetechete.

"Zimaluma?"

"Izi ayi. Vuto n'lakuti nthawi zina zimanyamula tizilombo ta matenda."

"Zili ndi katundunso? Choka apo, ndione ndekha!"

Anatsinzina diso, nawelamila pa makinawo. Mwadzidzidzi analumpha, mpando n'kugubuduka.

"Mayo ine! Chandiyang'ana! Chikupalasa ngati njinga ya makala!"

"N'chaching'ono kuposa mutu wa singano."

"Singano yanji! N'chachikulu ngati mvuu! Nanga matumba awili ali kumbuyowo?"

"Ndi mazila."

"Mazila? Chikukaikila kuti?"

Linah anangoyang'ana pamimba pa atate ake, ndipo mimbayo inalila kulululu.

"Usandiyang'ane pamenepo, iwe!" anakuwa a Amock, atagwila mimba ndi manja onse. "Wamva? Zikuitanizana!"

"Ndi mpweya chabe, adada."

"Zikupuma!"

"Ndiye ndiwilitse madzi?"

"Kuwilitsa n'kwa anthu amantha."

"Chabwino." Linah anatola kapu, nawapatsa. "Imwani."

A Amock anaiyang'ana nthawi yaitali, nabisa manja kumbuyo.

"Koleza moto, mwana wanga. Awile mpaka atumphuke."

"Mwachita mantha, adada?"

"Mantha a chiyani? Ine sindidya nyama yaiwisi. Uthilemo ndi kamchele."