Anandiletsa kuthira mchere m'ndiwo za amuna anga

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga ndi abale nonse, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni. Ndilibe mawu ambiri, ndipo umboni wanga si wa machiritso. Amuna anga, bambo a Chisomo, tinawaika m'manda, ena mwa inu munalipo.

Munkawadziwa. Ankasenza thumba la mpunga kuchoka kumunda ku Bwanje mpaka pamsewu osatula. Mvula itatha anayamba kutsokomola. Kutsokomolako sikunandiopse kwambiri, chimene chinandiopsa n'kuonda. Ndiwaphikire mlamba umene ankaukonda, angonyema pang'ono n'kusamba m'manja. Tsiku lina adzikakamize kudya, thupi osabwera. Mmawa ndikamayalula mphasa ndinkapeza yanyowa ndi thukuta ngati yagwedwa ndi mvula. Lamba anaboola mabowo atsopano ndi msomali mpaka lamba anatha.

Apongozi anga aakazi anabwera kuchokera ku Golomoti. Anawayang'ana mwana wawo, kenako anayang'ana ine.

“Mchere amathira ndani pakhomo pano?”

Ndinati, “Ndine, amayi.”

“Basi. Mdulo uwu. Mwayenda ndi mwamuna wina inu, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za mwana wanga. Mwamudula.”

Amayi anzanga, mukundimva? Ine amene ndinkachapa nsalu zamagazi zimene ankalavuliramo. Ndinalumbira, ndinalira, koma mlamu wanga anangowakweza panjinga n'kupita nawo kwawo. Ndinalondola wapansi. Kumeneko anandiuza kuti mphika ndisaugwire, mchere ndisauyandikire. Ankawamwetsa mizu ndi kuwapatsa phala lamadzimadzi lopanda kanthu. Ine ndinkakhala pakhonde ngati mlendo, ndikumva amuna anga akutsokomola m'nyumba.

Atalephera kuimirira m'pamene anavomera za chipatala. Ndinawabereka ine ndi chitenje kukafika pamsewu. Bambo wamkulu, abale, ndinamubereka, ndipo msana sunandipweteke. Analibenso kulemera.

Kuchipatala anayeza makhololo n'kupeza chifuwa chachikulu cha TB. Ndinafunsa adokotala kuti chakudya chimene ankadya chinkapita kuti. Anandiyankha mofatsa. Anati matendawa amayatsa moto m'thupi, thupi limawotcha mafuta ake, mafuta akatha limayamba kudya mnofu wake, ndipo njala munthu saimva. Anati wodwala wotere amafunika mankhwala msanga ndi chakudya chabwino, nsomba, mazira, nsinjiro. Kenako anati, “Mayi, mwachedwa naye. Tiyesa, koma thupi latha.”

Apongozi anamva zonsezo. Titatuluka panja anati, “Achipatala sadziwa zachikuda.”

Mankhwala anayamba kumwa, koma ankangosanza. Tsiku lina masana, apongozi atabwera ndi phala lawo, amuna anga anakankha kapu. Mawu anali atatha, timachita kuwerama kuti timve.

“Amayi, ndatopa ndi madzi anuwa. Mayi a Chisomo, kandiphikireni mpunga ndi usipa. Mchere muthire nokha.”

Apongozi anati, “Ukufuna akumalize?”

“Mkazi uyu sanandilakwire. Ndikafa, ndafa ndi chifuwa.”

Ndinapita kukhitchini ya osamalira odwala. Ndinaphika mpunga ndi usipa uja. Ndinathira mchere ndi dzanja langa ili. Ndinawadyetsa ndi supuni, mutu wawo uli pamwendo panga. Sanadye zambiri. Anameza pang'ono, n'kunena kuti, “Wachepa mchere, mwayamba kuumira liti?” Anayesa kuseka, chifuwa chinawatsamwitsa. Sabata imeneyo isanathe anatisiya.

Sindikunamizani, zinthu sizinakonzeke. Apongozi sandilankhula. Kumjigo ku Mtakataka ndikafika anthu amasiya nkhani. Munda wa mpunga wamera udzu. Ine nanenso anandiyeza, anandipeza nacho chifuwacho, ndikumwa mankhwala, ndipo mukuona nokha mmene bulawuzi ya chigwirizanoyi ikulendewera. Chisomo amandifunsa ngati nanenso ndipita. Ndimangomuuza kuti adye.

Koma ndaima pano chifukwa cha chinthu chimodzi. Ndinkapempha Mulungu kuti amuna anga asapite akuganiza kuti ndinawapha ine. Moyo wawo sanandipatse. Koma chimene ndinapemphachi anandipatsa. Amuna anga ananena ndi pakamwa pawo, amayi awo akumva, ndipo anadya za m'manja mwanga.

Zikomo Yesu. Abale, n'zochepa, ndikudziwa, koma ndi zimene ndili nazo. Amene angathe kululutira andilulutireko, ine mpweya sukukwana. Amen.