Mbiri ya Pakhoma la Lesitilanti

Lesitilanti ya nsomba ya tsidya la msewu italemba mbiri yake pakhoma ndi penti wofiira, makasitomala onse anakhamukira komweko kukajambulitsa, ndipo a Kaputeni, amene chibadwire sanakwerepo bwato koma chipewa choyera cha oyendetsa sitima sichichoka kumutu, zinawapweteka zedi. Anauza wolemba zikwangwani kuti abwere masana, n'kukhazika achemwali awo aakulu patebulo, pepala ndi cholembera m'manja, poti mmene lesitilanti ya banja lawo inkayamba n'kuti iwo akuona, a Kaputeni akadali kumsana.

"Lembani, achemwali. Bambo athu anali msodzi wolimba mtima."

Achemwali anaika cholembera pansi. "Bambo ake ati?"

"Athu omwewa! Tili nawo angati?"

"Aja ankasoka maukonde pansi pa mtengo?"

"Ukonde ndi wa chiyani? Si wa nsomba? Ndiye msodzi ameneyo! Lembani kuti ankalimbana ndi mafunde."

"Analimbana nawo kamodzi. Anzawo anawabweza asanapite n'patali pomwe, atagona chafufumimba m'bwato, akusanza, akuitana amayi awo."

"Aaa, achemwali! Zimenezo pakhoma pamene anthu akudya?"

"Inu mwati mbiri. Ine ndilemba zimene ndinaona."

A Kaputeni anakonza chipewa. "Chabwino, mafunde asiyeni. Lembani kuti tsiku lina bambo anabwera ndi chinsomba chachikulu, tauni yonse inasonkhana kudzadya, lesitilanti n'kuyambira pomwepo."

"Eee, chinsombacho ndikuchikumbuka."

"Mwaona! Lembani!"

"Anachita kupatsidwa. Chinali chonyansa nkhope, maso ali tong'o, ogula onse anachikana. Mayi ndiwo anayamba kumapita kudoko m'mawa kukatola zokanidwa: nsomba zoipa nkhope, nkhanu zothyoka miyendo. Akakazinga, asodzi omwe anazitaya aja ankamva fungo n'kubwera kudzagula."

"Ndiye mukufuna tilembe kuti tinayamba ndi zotola?"

"Ndilembe zotola kapena zotaya? Zonse n'zoona."

"Musalembe chilichonse!" A Kaputeni anamenya tebulo, mabotolo a tsabola n'kugwedezeka. "Tiyeni pa zaka. Atsidyawo alemba zaka makumi anayi. Ife lembani makumi asanu."

Achemwali anawerenga zala. "Ndiye kuti inuyo muli ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi. Alamu akudziwa? Paja munawauza kuti simunakwanitse makumi anayi."

"Za mkazi wanga zikulowa bwanji apa?"

"Munali kumsana, achimwene. Lesitilanti ikakula, inunso mukula."

"Mayo ine! Kodi atsidyawo mukuganiza kuti zawozo n'zoona? Alemba kuti agogo awo anapulumutsa anthu khumi panyanja!"

"Anali awiri. Wina ankasambira yekha."

"Ndi zimene ndikunenazo! Mbiri ya pakhoma amaithira mchere! Munthu akamadya nkhanu amafuna amve kuti wina anatsala pang'ono kufa. Tikapanda kutero, pofika chaka chamawa tizidya tokha muno ndi ntchentche. Lembani kuti tebulo lathu loyamba bambo analipala ndi manja awo."

"Analizula ndi manja awo. Chinali chitseko cha kubafa. Mwezi wathunthu tinkasamba tikuimba nyimbo kuti anthu adziwe kuti muli munthu."

A Kaputeni anavula chipewa, chinthu chimene sachita ngakhale pamaliro, n'kukhala pansi. Anayang'ana tsidya la msewu, kumene basi ya alendo inali kutsitsa anthu, ndipo chisoni chinawagwira chenicheni.

"Mwapambana," anatero motsitsa mawu. "Tilembe zoona zokhazokha. Bambo ankaopa madzi."

"Ankaopa madzi," achemwali analemba, nkhope ili mwee.

"Mayi ankatola zokanidwa."

"Zo-ka-ni-dwa. Mwaona kukoma kwake?"

"Chitseko cha kubafa."

"Ndalemba kale."

"Tsopano msuzi wathu wonunkhira utsi uja, umene makasitomala otsalawa amabwerera. Lembani mmene unayambira."

Cholembera chinaima.

"Umenewo mayi anangoutulukira," achemwali anatero.

"Ayi, pamenepo ndinali nditatsika kumsana. Mayi anasiyira mtsikana wina poto kuti aziyang'anira. Mtsikanayo anazemba, msuzi n'kupserera. Kunalibe msuzi wina, mayi anapereka womwewo, asodzi n'kunyambita mbale."

"Basi, tilembe kuti unapserera mwangozi."

"Mtsikanayo anali kuti?"

"Anapita kukatunga madzi."

"Kuseri kwa shedi ya ayezi kuli mpopi? Ine ndinaona ndi maso angawa. Munali ndi mnyamata wogulitsa ayezi uja, wa mano otalikirana, akukupatsani maswiti m'kamwa ngati mwana wa mbalame."

"Iwe! Tsitsa mawu!"

"Ndipo n'kuti alamu anga, amene lero ndi mkulu wa mpingo, atafunsira kale mbeta. Mwezi unali uti paja? Tilembe ndi mwezi womwe. Zilembo zikuluzikulu, pamwamba pa mpando umene amakhala akabwera kudzamwa tiyi."

Achemwali anayang'ana pepala lija. Anayang'ana kukhomo, kumene wolemba zikwangwani anali kutsitsa makwerero panjinga. Kenako achemwaliwo anapinda pepalalo bwinobwino, kanayi, n'kuliponya mu mbaula ya makala.

"Achimwene," anatero mokoma, akutenga pepala lina, "inu nkhani simuidziwa. Msuzi umenewu unachokera kwa makolo athu akalekale, asodzi okhaokha, mibadwo isanu ndi iwiri."

A Kaputeni anavalanso chipewa. "Munawaona?"

"Onse asanu ndi awiri, ali m'bwato limodzi!"